Yisiti wa Kathole

Dzulo mkazi wanga ankakanda ufa wa mandasi. Fungo la yisiti litandipeza, ndinaima pakhomo.

Ndili mwana, bambo ankathyola tiyi ku esiteti. Gulu la alimi linatipatsa ng'ombe ya mkaka. Lamulo linali loti mwana wake woyamba wamkazi apite kubanja lina. Wathu anayenera kupita kwa mayi ena amasiye, ogulitsa mandasi ku Bvumbwe.

Katholeko ndinkakamwetsa ndine. Kenako kanayamba kutsekula m'mimba, maso analowa, kuima kanakanika. Mlangizi anapereka mankhwala, nati tiziikanso yisiti pang'ono mumkaka kuti m'mimba mulimbe.

M'mawa mwake mayi aja anafika, kapaketi ka yisiti atamanga pachitenje.

"Nanga mandasi muphika ndi chiyani?" anafunsa mayi anga.

"Anthu adye osafufuma. Iwe mwana, tenga supuni."

"Kakachira mudzakatenga," ndinatero.

"Ndidzakatengadi. Ndiye ukufuna kafe?"

Ndinatenga supuni ija. Ndinasungunula yisitiyo mumkaka wofunda, n'kuviikamo zala. Kanayamwa mofooka. Ndinatero m'mawa uliwonse mpaka kanayamba kudumpha m'khola ndi kudya nsenjere.

Tsiku lodzakatenga, mayi aja anakoka chingwe koma kanakana kutuluka. Bambo anatola ndodo.

"Musakamenye, abambo. Mwanayu atsogole," anatero mayi aja.

Ndinaviika zala mumkaka, n'kutsogola. Kanandilondola m'kanjira kodutsa m'munda wa tiyi, mame akutinyowetsa miyendo, lilime lake lokhakhala likukoka zala zanga mpaka pakhola latsopano.