Satifiketi ya nsomba zimene ndinakwirira

Inu owerenga, m'bokosi langa la mapepala muli satifiketi yonena kuti ndine mlimi wachitsanzo wa nsomba. Ine ndimasunga pepala lililonse, ngakhale makadi akale a chipani, koma limeneli ndikaliona mtima umandiwawa mpaka lero. Ndinalilandira tsiku limene m'dziwe langa munalibe nsomba yamoyo ndi imodzi yomwe. Zinafa ndikuona, chozipha ndikuchidziwa, koma pakamwa panga ndinatseka.

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinakhazikika ku Lungwena, kwawo kwa akazi anga. Kumtunda kwa mudzi kuli kamtsinje, ndipo ndinakumba dziwe chapafupi, madzi n'kumalowa kudzera m'ngalande. Anthu ankandiseka kuti munthu angawete bwanji nsomba nyanja ili pompo. Koma nyengo ya mwera, mabwato akalephera kulowa, omwewo ankabwera kudzapempha makumba.

Mlangizi wa za nsomba anali atandiphunzitsa kuti madzi a dziwe amafunika kubiriwira pang'ono. Chimawabiriwiritsa ndi ndere zing'onozing'ono zoyandama, zimene nsomba zimadya, ndipo zimaswana ukathira manyowa. Muyeso wake ndi mkono. Ukauviika mpaka m'chigongono n'kumaonabe chikhatho bwinobwino, thira manyowa. Chikhatho chikasowa mkono usanapite patali, leka, tsegula ngalande madzi atsopano alowe. Ndere zikachuluka zimamaliza mpweya m'madzi dzuwa likalowa, nsomba n'kubanika. Zimenezi ndinkazitsata osaphonya.

Chaka china, dzuwa la Okutobala lili pamutu, a tcheyamani a nthambi ya chipani anafika pakhomo. Anati kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku likulu kudzaona chitukuko, ndipo dziwe langa lasankhidwa. Atazungulira dziwelo anakwinya nkhope. Anati iwo anaonapo dziwe lina ku Zomba lobiriwira ngati msipu, pomwe langali madzi ake ndi otuwa, mlendo adzayesa chithaphwi. Analamula kuti amayi onse amene ankakonzekera magule abwere ndi beseni la zitosi za nkhuku kapena ndowe, aliyense lake. Analamulanso achinyamata kuti akwirire ngalande yanga, poti inkadutsa pa njira imene galimoto ya mlendo idzadzere.

Ndinawauza mwaulemu kuti manyowa anakwana kale, ndinaviika ndi mkono womwe kuti aone. Iwo sanayang'ane mkonowo. Anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, kodi mukukana chitukuko?"

Inu achinyamata a lero simungamvetse kulemera kwa funso limeneli. Mphunzitsi mnzanga wina anafunsidwapo chimodzimodzi pa msonkhano, ndipo ana ake anakula osamuona. Ndinayankha kuti sindikukana.

Amayi anabwera akuimba, mabeseni pamutu, n'kumakhuthulira m'dziwe ine nditaima pambali ngati mlendo pa malo anga omwe. Pasanapite masiku ambiri madzi aja anabiriwira ngati penti, pamwamba pakuyandama thovu. Chikhatho chinkasowa zala zitangomira. A tcheyamani anasangalala kwambiri. Ine tulo ndi chakudya zinandikana. Ndinkangozungulira dziwe, kubwerera kunyumba, kukhala pansi, kudzukanso. Ndinaleka kuthira madeya, koma sizinathandize. Mlangizi uja anali atasamutsidwa, wina asanabwere.

Akazi anga anandiuza kuti nditenge khasu ndikatsegule ngalande, za tcheyamani tidzaziona. Khasu ndinatengadi, ndinafika mpaka pamene anakwirira paja. Achinyamata anali atasalaza bwino, atandandika miyala yopaka laimu. Ndinaima, ndinaganiza za mnzanga uja, ndinabwerera khasu lili paphewa.

Kenaka kunachita mitambo, mphepo osaomba, kunja kuli chifundi. M'mawa mwake ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba, zikuyasama ngati zikupempha. Tsiku lotsatira zinali zitayandama, mimba zoyera zili m'mwamba, ndipo fungo linkafika m'mudzi. Ine ndi akazi anga tinaziola ndi madengu n'kuzikwirira pansi pa nthochi. Mlendo ankayembekezeka mawa lake.

Mungaganize kuti a tcheyamani anachita manyazi. Ayi. Anatuma anthu kugombe kukatenga chambo kwa asodzi, anachiika m'dengu m'mbali mwa dziwe, anachiwaza madzi, n'kundichenjeza kuti za nthochi zija zithere pomwepo. Mlendo anabwera, ananyamula chambo chimodzi, anthu anaomba m'manja. Analoza madzi akufa aja n'kunena kuti aliyense atengere chitsanzo changa. Satifiketi inali yolembedwa kale, dzina langa atalilakwitsanso.

Chimene chimandisowetsa mtendere si nsomba zanga zokha. Pa msonkhano wa mlendo uja panali bambo wina wa ku Malindi, Che Amidu, amene anali atangokumba dziwe lawo ataleka usodzi chifukwa cha nsana. Anandipeza anthu akubalalika, nandifunsa kuti madzi ndimawabiriwiritsa bwanji chotero. A tcheyamani anali ataima pafupi, khutu lili kwa ife. Ndinangoti manyowa.

Mvula isanagwe, Che Amidu anafika pakhomo panga pa njinga. Sanakalipe. Anakhala pa mkeka, anapatsana moni ndi akazi anga, kenaka anati anathira manyowa monga ndinanenera, ndipo nsomba zawo zonse zatha. Za nthochi zanga anali atamva kale kugombe.

"Aphunzitsi, mukanangondinong'oneza."

Patapita nthawi ndinakawathandiza kuphwetsa dziwe lawo n'kuwasonyeza muyeso wa mkono, koma iwo sanawetenso nsomba.

Inu owerenga amene muli ndi maiwe, musakomedwe ndi kubiriwira kwa madzi. Viikani mkono m'mawa uliwonse. Chikhatho chikasowa msanga, lekani manyowa ndi madeya, tsegulani ngalande tsiku lomwelo, makamaka kukatentha ndi kuchita mitambo. Nsomba zikayamba kuyasama pamwamba, musadikire chilolezo cha munthu. Ndipo mnzanu akakufunsani, muuzeni zonse, ngakhale chapansipansi.

Adzukulu anga amafuna kuti satifiketi ija tiipachike pakhoma. Ndimawakaniza. Imakhala pansi penipeni pa bokosi, ndipo ndikafa adzaikwirire pa nthochi pomwepo, pamene pali eni ake.