Moni kwa Wapakati pa Foni

Mayi Eneless sankatuma munthu asanamupatse moni. Anali choncho ali nesi pachipatala ku Wakefield, kuno kudziko la Angerezi, ndipo sanasinthe matenda oumitsa khosi atawagonthetsa makutu onse awiri. Ntchito inathera pomwepo. Mawu anali nawo ndithu, koma tsiku lina m'basi anthu onse anawacheukira atangoyankhula, ndipo kuyambira pamenepo anatseka pakamwa.

Chinawatsalira ndi foni ya anthu osamva, ija malamulo a dziko lino amati izipezeka kwa aliyense woifuna. Woimba amalemba m'Chingerezi, munthu wapakati yemwe ali kutali amawerengera wa mbali inayo, kenako n'kulemba yankho lake. Wapakatiyo salowerera nkhani. Koma Mayi Eneless ankayamba ndi iyeyo: mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, mvula yatani kumeneko. Ambiri ankangouwerenga moniwo ngati mbali ya uthenga.

A Thompson, mkulu wa mpingo yemwe anakalambira ponyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu, ankalandira foni yotere Lachisanu lililonse. Sabata ino mawu a mtsikana, sabata yotsatira a bambo wa chimfine, onse akuti, "Ndine Eneless." Iwo ankavula chipewa n'kuyankha mwaulemu. Akaika foni pansi, m'nyumba munkakhala ngati mwadutsa anthu angapo osaoneka.

Alinane, mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Eneless, anabadwira konkuno ndipo ankakhala ku Liverpool. Foni imeneyi sankaifuna.

"Ankolo, muwauze azingolemba meseji," anauza a Thompson, akusakaniza ndi Chingerezi. "Dzana ndili kuntchito, bambo wina wosamudziwa akundifunsa ngati ndikudya mokwanira. Zimandiopsa."

A Thompson anakalemba mawuwo papepala monga anawamvera. Mayi Eneless anayankha m'munsi mwake: "Meseji ndi yotumira mkaka. Mawu olemera amafuna pakamwa pa munthu."

Alinane anasiya kuyankha nambalayo. Mameseji ankayankha, ndipo amayi ake ankamulembera za nyengo ndi za kwaya. Za khansa imene madokotala anawapeza nayo sanalembe. A Thompson anapempha kuti aimbe iwo, koma mayiwo anawagwira dzanja n'kulemba: "Achimwene, ayi. Ndimuuza ndekha." Mkuluyo anavomera, poganiza kuti nthawi ilipo.

Panatsala milungu itatu yokha. Alinane anamva za matendawo ndi za imfa m'foni imodzi, ya a Thompson, Lolemba m'mawa. Atalira, ndi pamene anatsegula uthenga wa mawu womwe unali m'foni mwake kuyambira Loweruka. Unali m'mawu a mzimayi wachizungu wa ku Yorkshire, yemwe anapunthwa kawiri pa mawu awiri okha a Chichewa, "mwana wanga", n'kuwabwereza mpaka atawatchula bwino. Alinane sanaufufute. A Thompson samamufunsa zomwe uli nazo, ndipo mpaka lero foni ikalira Lachisanu amayamba aima kaye.

Loweruka limenelo a Thompson anali pomwepo, m'chipatala, dzuwa la masana lili pa bulangeti. Mayi Eneless anali atafooka, choncho a Thompson ndi amene anawagwirira foni, mayiwo akulemba ndi chala chimodzi. Moni wokha unatenga mphindi zitatu. Mkuluyo analakalaka atawauza kuti afulumire, koma anangogwirabe foniyo.

Ulendo uno pagalasi la foni panabwera yankho la wapakati: "Ndili bwino, mayi, zikomo pondifunsa. Ndine Shirley. Nanga inu?"

Mayi Eneless anayang'ana a Thompson, maso akuwala, n'kuloza pafoniyo kuti nawonso aone. Analemba kuti akuyesera. Kenako anapereka nambala ya ku Liverpool.

"Ikuitana," analemba Shirley. "Ikuitanabe." Panapita kanthawi. "Sakuyankha. Musiya uthenga?"

Mayiwo anatenga foniyo m'manja mwa a Thompson n'kuipendeketsa kuti asaone. Mkuluyo anatembenukira kuzenera, kumene basi inkatsitsa anthu. M'chipindamo munalibe mawu aliwonse. Amene ankayankhula anali kutali, kumalo osadziwika, akuuza makina.

Mayiwo atamaliza anabwezera a Thompson foni kuti awagwirirenso. Mphamvu zinali zitatha, koma chala chinapitabe pagalasi, chilembo chimodzichimodzi: "Mwagwira ntchito, a Shirley. Mukapereke moni kunyumba."