Tsamba labwerera, ife tathamangira mwabvi

Abale anga, sabata ino ndaona ndi maso angawa tsamba likuyenda pamadzi chobwerera kumtunda. Eee, kumtunda! Koma chandiimitsa mutu si tsambalo ayi.

Alamu anga a Zuze anaitana dima kuti tikonze ngalande yopita kumadimba, kutsinde kwa phiri. Mowa unali wokoma, makasu n'kupsa mtima. Tili pafupi ndi dimba lawo, anyamata akuti, "Tikulitse pano, madzi atuluke ngati ng'ombe m'khola!" Ngalande yopapatiza ija inangoyasama mwadzidzidzi ngati lichero.

Posakhalitsa taona zachilendo. Pakati madzi akupita, koma m'mbali akuzungulira, zinyalala zikubwerera komwe zachokera. Mchenga waunjikana, nyemba kumunsi zikufota.

"Alamu, izi si za madzi," anatero a Zuze. "A Nabanda anaima pompano dzana. Ankafunapo chiyani?"

A Nabanda ndi mayi wamasiye, dimba lawo n'loyandikana ndi la a Zuze. Dzuwa lisanapendeke, mwabvi unali utatchulidwa kale. Mwabvi, anthuni! Munthu amwe, afe kapena asanze, chifukwa cha tsamba?

Ine sukulu ndinangoinunkhiza ku mishoni, koma ndinatapa gaga, n'kukawaza pamadzipo. Popapatiza paja, gaga wapakati akuuluka, wam'mbali akukwawa. Ndinati, ooh, madzi am'mbaliwa amakhuzana ndi matope ndi udzu, ndiye amakhala otopa kale. Amayenda chifukwa anzawo apakati amabwera chovunduka n'kumawakoka.

Nanga potakasuka paja? Madzi onse amachepetsa liwiro, apatsogolo n'kumakankha obwera m'mbuyo. Apakati ali ndi mphamvu, amaboola. Otopa aja amaima, kenako n'kutembenuka. Basi! Ufiti wake ndi umenewo, ndipo tinaukumba tokha titakhuta mowa.

Tinaika miyala ndi zibuma kuti ngalande izikula pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa. Ndinawazanso gaga. Yense phee, ulendo wa kumunsi.

Ndinayang'ana alamu anga, kudikira kuti achite manyazi. Mukudziwa zomwe ananena?

"Mwaona, alamu? Mayi aja atiopa. Achotsa mankhwala awo."

Zoona chala sichiloza mwini. Mbuzi ikafa, tiloza. Denga likadontha, tiloza. Ndipo taonani amene timawaloza: si a mbumba yaikulu ayi. Ndi okhala kumphepete kwa mudzi, otopa kale, opanda wowakoka. Zinthu zikangolimba kutsogolo, oyamba kubwezedwa ndi iwowo.

Dzulo ndinakumana ndi a Nabanda atasenza mtsuko, akuchokera kuchitsime chakutali.

"Mayi, bwanji osatunga m'ngalandemo?"

"Bambo, ndikaimapo tsamba likatembenukanso, mudzakhalapo ndi gaga wanu?"

Madzi tawawongola. Nanga ifeyo, atiwongole ndani?