Tiwaya Tisanu ndi Titatu ta Jesinta

Inu amene mukuona ngati zanu zinathera panjira, imvani za Jesinta wa ku Makhanga.

Madzi osefukira atakokolola nyumba ndi munda wake, Jesinta, mayi wamasiye, anakakhala pamsasa wa pasukulu ina ndi ana ake awiri. Analibe ngakhale chingwe choyanikapo zovala.

Tsiku lina atachapa zovala, anatola nthambo yabuluu yotayidwa kuseri kwa ofesi kuti ayanikepo. Ataidula ndi mpeni, anaona tiwaya tisanu ndi titatu m'kati mwake, tamitundumitundu, topotana tiwiritiwiri. Zovala zija anaziiwala m'beseni, napita kwa Hilario, mmisiri amene ankaika nthambo zatsopano zolumikizira makompyuta pasukulupo.

"Bambo, tiwayati anatipoteranji?"

"Kuti uthenga usasokonekere poyenda, mayi. Mukufunsiranji?"

"Ndingofuna kudziwa. Nanga mitunduyi ndi yokongoletsa chabe?"

Hilario anaseka, komabe anamuonetsa: kusenda nthambo, kuwongola tiwaya, kutindandalika motsatira mitundu yake, kutilowetsa m'kamutu kapulasitiki, kenako kupana ndi chopanira. Kachipangizo koyezera kakayatsa timagetsi tonse tisanu ndi titatu motsatizana, ndiye kuti yatheka.

Nthambo yoyamba ya Jesinta inayatsa titatu tokha. Yachiwiri, tisanu.

"Ana akowo adzadya mawaya?" amayi anzake ankamunyogodola.

Jesinta anangopitiriza kuphunzira. Masabata atatu anali pambali pa mmisiri uja, kufunsa, kulakwitsa, kudula, kuyambiranso, zala mpaka matuza. Pochoka, Hilario anamusiyira chopanira chakale ndi timitu todzaza dzanja.

Dzinja lotsatira madzi anadulanso msewu. Pachipatala chaching'ono cha m'deralo, makoswe anatafuna nthambo ya kompyuta yosunga mbiri ya odwala. Anthu odzatenga mankhwala anadzaza khonde, ena atabwera pabwato, koma mmisiri wochokera kutali sakanatha kufika. Namwino wina, Ireen, anatuma uthenga kwa Jesinta.

Atafika, Jesinta anagwada pansi pa tebulo, nadula potafunidwapo, n'kupana kamutu katsopano. Choyezera analibe. Anangolowetsa nthamboyo n'kudikira. Kagetsi kobiriwira kanaphethira kuseri kwa kompyuta, mayina a odwala n'kutulukira.

"Takhuta, amisiri!" Ireen anafuula, kuthokoza m'chiyankhulo cha kwawoko. Kunja nthungululu zinamveka.

Lero Jesinta amaitanidwa m'masukulu ndi m'maofesi kuyambira kwa Mlolo mpaka ku Bangula, chikwama cha zipangizo chili panjinga.

Abale anga, madzi angakulandeni nyumba ndi munda, koma mtima wofuna kudziwa sakokolola. Funsani, yesani, mukalakwitsa yambiraninso. Mtima wokhawo musautaye ayi.