Chikole cha nyumba ya malata

Atate ankadana ndi udzu. Chichokereni ku Katete kudzalima pafupi ndi Chalimbana, tinkagona m'kanyumba kodontha, ndipo mvula ikagwa iwo ankalitukwana denga ngati lili ndi makutu.

Ndiye mwini chigayo wa m'deralo anamanga nyumba yatsopano kumseu, n'kulengeza kuti yakale, ya njerwa ndi malata, yoyandikana ndi kanyumba kathu, akugulitsa. Ndalama atate analibe. Anagwirizana kuti azilipira chimanga chaka ndi chaka akakolola. Koma mkulu uja sankakhuta malonjezo, anafuna chikole. Anati atate asankhe okha: ng'ombe zathu ziwiri zolimira zikakhale m'khola mwake, kapena mwana mmodzi akamugwirire ntchito mpaka ngongole itatha.

Amayi anachonderera kuti zipite ng'ombezo, ife tilima ndi makasu monga kale. Ine ndinali pomwepo, ndikutongola chimanga pamphasa, pamene atate anawayankha.

"Ng'ombe zikayenda nizalipila na chani? Uyu salima, amadya chabe."

Sananditchule ngakhale dzina. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti masamu awo anali olondola.

Sukulu inathera pomwepo. Kuchigayo ndinkasesa, kutunga madzi, kusenza matumba, kulera ana a eni ake. Tsitsi linkayera ndi ufa ngati la nkhalamba, chifuwa osatha. Mkazi wa mwini chigayo sankandimenya kawirikawiri, zimenezo sindimunamizira, koma ankandiitana kuti Chikole, mpaka ana ake anayesa ndilo dzina langa. Dzuwa likaswa mtengo ndinkaona malata athu akunyezimira kutsidya kwa dambo, ndipo mwa uchitsiru wanga ndinkanyada.

Atate ankabwera ndi ngolo akakolola. Ankatsitsa matumba, kumwetsa ng'ombe, kuzisisita m'khosi, kenaka kundifunsa ngati ndikumvera. Chaka china ng'ombe imodzi inatupa mimba n'kufa. Ndinamva kwa azimayi odzagayitsa kuti atate analira ngati pamaliro, chakudya osachikhudza. Tsiku limene ndinachoka ine anadya bwinobwino.

Ngongole inatha ndili namwali. Ndinabwerera dzinja litayamba, ndi kamtolo kanga pamutu, mtima uli pa chinthu chimodzi: kumva mvula ikulira pamalata ine ndili mkati. Amayi anandikumbatira, koma maso awo ankandithawa. Nditakankha chitseko cha chipinda chimene anandilonjeza, ndinapeza matumba a chimanga mpaka kudenga.

"Chimanga sichifuna chinyontho," anatero atate. "Iwe unazolowela kuvutika, uzagona kukhichini."

Khichiniyo inali kanyumba kathu kakale kaja, udzu wake womwewo. Madzulo mvula inabwera yamphamvu. Ndinakokera mphasa pakona pomwe sipankadontha kwambiri, n'kukhala pansi kumvetsera. Malata ankaliradi bwino, monga ndinkaganizira zaka zonsezo. Ndinawamvera ndili kunja.