A Zebron, Telala ndi Nkhoswe ya Unit G

Inali isanakwane 7 koloko m'mawa, koma makina a a Zebron anali atayamba kale kulira pakhonde pawo m'dera lathu la Unit G. Ine ndinaima pambali, khanda kumsana, kudikira yunifolomu ya Doris, mwana wanga woyamba, amene amakayamba sukulu Januwale wa 1983. Nsalu ndinapereka kalekale. Diresiyo inali pansi pa singano, mkono umodzi utalumikizidwa, pamene Felesita wa kuseri kwathu analowa pageti atagwira mwamuna wake Naison pakolala.

"Sekuru, mwana wanuyu mumfunse kumene wagona!"

"Aiwa, Madala, basi yomaliza inandisiya."

"Basi yake yomwe imachapira munthu malaya n'kusita?"

Phazi la a Zebron linaima. Anavula tepi yoyezera m'khosi, n'kuvala jekete. Ndinadziwiratu kuti Doris lero agona ndi mkono umodzi.

A Zebron anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, wapansi, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya a dziko la eni lino. Kusoka anaphunzirira pa ziguduli zokulungira fodya, ndipo ena amati mpaka lero kabudula wawo amaoneka ngati belo. Kenako anasoka mufakitale ku tauni, mpaka anagula makina awoawo opalasa ndi phazi. Munda analibe, penshoni analibe. Makinawo ndiwo ankawadyetsa iwo ndi akazi awo, a Fainess.

Tsoka lawo linali jekete. Ife obadwira kuno amalume athu anatsala kumudzi, ena sitinawaonepo nkhope. Koma ukwati umafuna nkhoswe. Ndiye aliyense wofuna kukwatira ankathamangira kwa a Zebron, popeza anali ndi imvi ndi jekete yakuda, ndipo tsiku lonse amapezeka pakhomo. Tonse tinkawatchula Sekuru, kutanthauza agogo kapena amalume m'chinenero cha kuno. Iwo sankakana. Maukwati atachuluka, milandu nayo inachuluka, ndipo anthu sayambana Lamlungu lokha ayi.

Ndinene zoona, madalawo ankazikonda. Ankadandaula kuti anthu akuwasokoneza, koma nkhani ikafika pokoma ankasendeza mpando n'kufunsa kuti, "Ndiye mkaziyo ndi wa Unit iti?" Zimenezo sizithandiza kuweruza mlandu.

Zaka zimenezo ana ankalowa sukulu mwaunyinji, ndipo nsalu zathu zinaunjikana m'chipinda mwawo mpaka pawindo. Amayife tinatopa. Tinawauza kuti sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa zovala zisanathe, titenga nsalu zathu kupita nazo kwa telala wa ku Unit K wa makina amagetsi, ndipo sitidzabwereranso. Anayesa kusokera m'nyumba atatseka chitseko, anthu n'kumayambanira pawindo. Anayesa kunamizira kugontha, koma Felesita atanong'ona dzina la mkazi wina, iwo anali oyamba kunena kuti, "Uja wa tomato?"

Tsiku la diresi ya Doris lija, a Fainess anatuluka m'khitchini atanyamula chitini cha mabatani ndi mulu wa malaya, n'kuziika pakati pa odandaulawo.

"Kuyambira lero, wolankhula alankhule singano ili m'manja. Dzanja likaima, mlandu waima. Inunso abambo, vulani jeketeyo. Makutu sapalasa makina."

"Maiwe, Gogo, ine mwamuna ndisoke batani?" anatero Naison.

"Malaya ako akukusokera ndani masiku ano? Tiuze, tikamuitane," anayankha a Fainess.

Naison anatola singano.

Zinayenda modabwitsa. Felesita ankabaya nsalu ngati akubaya munthu, ndipo batani lake ngakhale galu sakanalizula. Naison ankadzilasa chala pa bodza lililonse, moti a Zebron anasiya kufunsa mafunso, ankangoyang'ana magazi. Ena anapatsidwa simbi yamakala, ena kupinda m'munsi mwa madiresi. Bambo wina amene mkazi wake anamupeza atagulitsa wailesi kubawa anasita makabudula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anapepesa yekha asanauzidwe. Makina sanaimenso. Mulu wa pawindo unayamba kutsika, a Zebron n'kumayenda mumsewu ngati nzeruyo inali yawo.

Koma khonde lawo lili pamsewu wopita kokwerera basi. Amuna opita kuntchito ankaona anzawo atakhala pabenchi, diresi ya mwana pamwendo, ulusi kukamwa. Naison anamupatsa dzina loti Mai Mabatani, ndipo kubawa ankamufunsa mtengo wopindira siketi. Pasanapite nthawi amuna a Unit G anasanduka angelo. Ankafika kunyumba kusanade. Mkazi akangoti, "Tiyeni kwa Sekuru," mwamuna ankagwada pomwepo n'kuvomera ngakhale zimene sanachite. Abusa anayamikira paguwa kuti mabanja ayamba kuopa Mulungu. Ife tinangoyang'anana.

Lachinayi lomaliza sukulu isanatsegulidwe ndinapitanso. Pakhonde panali zii, benchi lopanda munthu. A Zebron anali akupalasa makina, thukuta kamukamu, ndipo kumbuyo kwawo kunali mulu wa malaya ndi madiresi osokedwa bwino, koma onse opanda batani ngakhale limodzi. Ya Doris inali pamwamba, yokongola, kumsana kuli yasa. A Fainess maso awo salowetsanso ulusi pasingano, ndipo madalawo akasiya makina kuti agwire mabatani, makabudula otsala sangathe. Amayi awiri anali atabwera kale m'mawa kudzawakumbutsa za ku Unit K.

"Mtendere wandipha, amake Doris," anatero osakweza mutu. "Anthu onsewa ndinawamangitsira maukwati ine, lero palibe ndi mmodzi yemwe wotukwana mnzake. Kusayamika kwake!"

Ndinati andipatse chitinicho ndiwathandize, mwana ali m'tulo.

"Inu? Munthu wosangalala amasoka mocheza. Anabwera mayi wina dzulo, wamtima wabwino, mabatani atatu tiyi makapu awiri. Ine ndikufuna munthu wopsa mtima."

Anaimitsa makina, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kodi Albert wanu uja salakwa? Ukwati wanu nkhoswe ndine, koma simunabwerepo. Mukundibisira chiyani?"

Ndinati mwamuna wanga ndi munthu wofatsa, akaweruka amabwera molunjika kunyumba.

"Wofatsa ndiye wabwino, sathawa pabenchi. Tamverani, mwana wanga. Akabwera madzulo ano mukamuyambe dala. Musakasankhe nkhani yaing'ono yotha msanga ayi, mukayambe ya amayi ake. Loweruka m'mawa mubwere naye nonse awiri mutakwiya bwinobwino, ndipo chonde musakakhululukirane panjira."