Tchesi ya a Lumo

Anthu ankangowatchula kuti a Lumo, chifukwa moyo wawo wonse unathera pometa anthu m'kachipinda koyang'anizana ndi depoti ya basi. Kuseri kwa kachipindako, pansi pa malata adzimbiri, madalaivala ndi onyamula katundu ankasewera tchesi podikira ulendo. A Lumo sanali katswiri ayi. Chawo chinali kuonerera ndi kusunga m'mutu mmene aliyense ankayambira masewero ake.

"Makaniko uja amathamangira kutulutsa mfumukazi ngati nyumba yapsa," ankatero uku akumeta munthu. "Kondakitala amayamba ndi kavalo, kenako n'kusowa kolowera. Munthu amafera poyambira, achimwene. Kumapeto kumangokhala kuika maliro."

Akaweruka, ankayalanso masewero a tsikulo pa bolodi yawo yothetheka, kufunafuna pomwe wina anaphonya.

Kenako matenda a shuga anawalowa m'maso. Anabisa, mpaka tsiku lomwe anatema khutu la dalaivala wina, magazi chuchuchu pa kolala. Makasitomala anatha ngati makatani. Mwana wawo wamkazi anawatengera kwake, kutali, komwe kunalibe wodziwa tchesi. Ankangokhala pakhonde akupapasa akavalo ndi asilikali, kubwereza masewero a anthu amene ena mwa iwo anali atatsikira kale kulichete.

"Ababa, mudzadwala nazo maganizo izi."

"Ndiperekeze kudepoti kamodzi kokha, mwanawe."

Anawaperekezadi. Kachipinda kaja kanali katasanduka shopu ya mafoni, ndipo pa mawu onse omwe a Lumo anamva kuseriko, panalibe omwe anawazindikira. Dalaivala wina anavomera kusewera nawo, n'kulonjeza kuti azitchula mokweza chilichonse chimene wasuntha. A Lumo anayamba bwino, nkhope ikuwala. Masewero ali mkati, zala zawo zinapeza kuti kavalo wawo palibe, chonsecho palibe anamudya. Oonerera ankasekera m'manja.

"Kavalo wanga anali apa," anatero motsitsa mawu.

"Mwaiwala, madala," anatero dalaivalayo. " Ukalamba umenewo."

A Lumo sanaiwale. Anangogoneka mfumu yawo posonyeza kugonja, n'kupempha ndodo yawo yoyendera. M'basi pobwerera, mwana wawo ankatukwana dalaivala wa tchesi uja njira yonse, misozi ili mbwembwembwe.

Atafika kunyumba, a Lumo anamuuza mwanayo kuti aike bolodi ija pamwamba pa wadiropu, ndipo sanaifunsenso. Anamwalira mvula itangoyamba. Pamaliro panabwera achibale ndi anansi ochepa. Kudepoti uthenga sunafike n'komwe.